Thiraki ya asilikali pa okushoni, musanakweze dzanja onani izi

Amene mumatuta chimanga ndi nshawa kumudzi, ku Lundazi, Petauke kapena Nyimba kubweretsa ku Soweto kuno ku Lusaka, mukudziwa kuti dzinja likafika ka Canter kamathera m'matope. Ndiye chifukwa chake ambiri maso ali pa mathiraki akale a asilikali aja, a 4x4, atali ngati nyumba. Ndi abwino zedi, koma muwagule maso ali otsegula.

Amapezeka pawiri. Pali amene boma limagulitsa konkuno likataya katundu wakale, zidziwitso zake zimatuluka mu Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, ndiye pali ochokera kunja, makamaka ku UK, ma Bedford MJ ndi ma Leyland DAF a matani 4, komanso ma Samil a ku South Africa. Ine ndimakonda Leyland DAF chifukwa ili ndi injini ya Cummins ya malita 5.9, makanika aliyense wa mathiraki amaidziwa ndipo masipeya ake mukazungulira ku Panganani Road simubwera chimanjamanja. Musanakonde thiraki iliyonse funsani kaye ogulitsa masipeya ngati ali ndi mafyuluta, klatchi ndi zamabuleki zake. Onaninso chiwongolero chili mbali iti, chifukwa za ku Germany zambiri ndi zakumanzere, ndipo kupitirira basi pa mapiri a Manenekera muli kumanzere sizocheza ayi.

Tsiku loonera katundu musaphonye, ndipo mupite ndi makanika wanu, mumulipire, osati mlamu wanu amene amangodziwa Corolla. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa, amaona makilomita ochepa pa mita nkumati ndapeza yatsopano. Thiraki ya asilikali nthawi zambiri imadwala chifukwa chokhala, zaka ndi zaka ili payadi dzuwa ndi mvula zikuimenya, labala yense amauma, mapaipi, masilo, malamba, mukangoyenda nayo sabata imodzi oyilo ayamba kudontha paliponse. Matayala amaoneka ndi mano onse koma yang'anani m'mbali, muona timing'alu, ndipo pali manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT, m'mbali mwa tayala momwemo, amene amanena sabata ndi chaka, 2309 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2009. Matayala a saizi 20 amenewa kugula onse atsopano mtengo wake ukhoza kukuliritsani kuposa mtengo umene munagulira thirakiyo pa okushoni.

Gonani pansi ndi tochi, gogodani chesesi, zitsulo zazitali zapansi zimene zimanyamula thiraki yonse, ndi sipanala makamaka pamene masipuling'i amangirira, za ku UK zimadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira. Sololani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, oyilo akakhala ngati tiyi wamkaka madzi alowa mu injini, ingochokanipo. Akalola kuiliza, ikhale yozizira, muone utsi, mudikire mpweya udzaze m'matanki kenako muzimitse nkumvetsera ngati pali pamene pakufwisa. Magetsi ake ndi 24 volts, mabatire awiri, ndiye musamati mudzaidzutsa ndi batire ya ka Vitz.

Manje nkhani ya mapepala, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa injini. Thiraki imene inali ndi nambala ya asilikali imafunika kulembetsedwa mwatsopano ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, ndiye funsani ogulitsawo musanalipire kuti akupatsani chiyani, kalata yogulitsira, risiti, ndi pepala losonyeza kuti za msonkho ku ZRA zili bwino. Nambala ya chesesi ndi ya injini muiwerenge nokha pachitsulo, chilembo ndi chilembo, igwirizane ndi ya papepala, chifukwa apolisi a Interpol adzayang'ana zomwezo ndipo chilembo chimodzi chikasiyana white book, pepala la umwini wa galimoto, simuiona msanga, thiraki ingokhala pakhomo ana akuseweramo. Yochokera kunja ikadutsa pa Walvis Bay kapena Dar es Salaam, werengeranitu za sitima, ejenti wa pa boda ndi msonkho. Ndipo utoto wa asilikali uja muufafanize musanayambe kuyenda nayo, zisakuvuteni pa rodibuloko. Dalaivala akhale ndi laisensi ya C1 kapena C, ya B siikwana.

Tsiku la okushoni mumalipira dipoziti nkupatsidwa nambala. Werengani malamulo awo, pamwamba pa mtengo amaikapo komishoni, nthawi zina ndi VAT ya 16%, ndipo nyundo ikagwa ndi yanu mmene iliri, palibe kubweza. Lembani padzanja ndalama yomwe simupitirira, mutachotsa kale ya matayala, mabatire, sevisi, mapepala ndi yokokera. M'menemo mtima umathamanga mukaona wina akukweza dzanja, msiyeni atenge, ina ibwera.

Mukapambana musaiyendetse kuchoka payadi ngakhale italira bwanji, ikwezeni pa lobedi, thiraki yonyamula magalimoto ena, ipite kugalaja, asinthe oyilo yense, atsuke tanki ya dizilo, aone mabuleki, kenako muiyese kaye maulendo afupi, ku Chongwe ndi kubwerera, musanaipatse matumba a ku Chipata.