Mmene mungagwirire makasitomala pa geni ya mpunga ndi nyemba

Ife ogulitsa mpunga ndi nyemba pa benchi sitingalimbane ndi Chipiku kapena Sana pa mashelufu ndi mafiriji. Chathu n'chakuti wogula amatidziwa nkhope, ndipo akatikhulupirira amasiya kubwera yekha, amangotuma mwana kapena wakabaza. Ine ndimagulitsira ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo geni ndimaiyesa pamenepo: ndi anthu angati amene amagula kwa ine osaona katundu. Zotsatirazi ndalembera amene mukufuna kuyamba, komanso amene munayamba kale koma ogula akangogula kamodzi sabwereranso.

Yambani ndi sikelo. Sikelo ya wotchi ija sipuling'i yake imatopa, ndipo ikatopa imabera wogula kapena inuyo, mwini wake osadziwa. Gulani ya manambala yotchaja, muiike moti manambalawo aziyang'ana kwa wogula. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayesa masikelo a malonda, choncho yanu ikayesedwa musabise chizindikiro chake. Pambali pake sungani paketi ya shuga ya 1 kg yosatsegula. Munthu akakayikira, mpatseni aike yekha pa sikelo. Za zigoba zoponderezedwa kunsi ndi ndowa zofutukula pogula n'kuchepetsa pogulitsa aliyense amazidziwa, n'chifukwa chake amayi ambiri amakayesanso akafika kunyumba. Basela muziika mutatha kuyeza, wogula akuona, osati kuchotsa pa kilo n'kubwezera ngati mphatso.

Pa mpunga, tchimo lalikulu ndi kusakaniza. Kilombero amakwera mtengo chifukwa cha fungo lake, ndiye ena amathiramo Pussa kapena mtundu wina wotchipa n'kumati ndi wa ku Karonga weniweni. Pa benchi wogula sangazindikire msanga, koma mumphika zimaululika: wina wapsa, wina akadali wauwisi, fungo palibe. Ngati mpungawo unali wa pa chinkhoswe, dzina lanu laipa kwa anthu mazana tsiku limodzi. Kilombero akhale m'thumba lake, Faya m'thumba lake, wosweka payekha pa mtengo wotsika, ndipo alipo ambiri omufuna kuti aziphikira ana phala. Musanapikule matumba ambiri, fikisani pang'ono m'manja n'kununkhiza, kenako kaphikeni kunyumba. Nyembanso n'chimodzimodzi. Kholophethe, Napilira kapena Nanyati zatsopano zimapsa msanga, zogonera chaka zimamaliza makala. Makala mmene adulira m'tauni muno, mayi amene mwamunamiza kuti nyemba n'zatsopano sakukhululukirani. Nenani zoona kuti izi n'za chaka chatha, aziviike usiku, ndipo mwatsitsako mtengo. Amagula ndithu.

Kasungidwe ndi pamene ambiri amakanira kusintha. Anankafumbwe akalowa m'nyemba, ena amathira mankhwala mopyola muyezo, ena mpaka mapilitsi aja oyenera kugwiritsidwa ntchito ndi akatswiri m'nkhokwe zikuluzikulu. Chakudya chimanunkha mankhwala, ndipo n'zoopsa pa moyo wa anthu. Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha, mpweya umatha ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Chofunika n'choti mbewu zikhale zouma gwa, thumba lisabooke, ndipo likhale pa matabwa kutali ndi makoswe. Ndi okwera mtengo kuposa saka wamba, koma amagwira ntchito nyengo zingapo, ndipo mumatha kuuza wogula mosaphethira kuti nyembazi sizinathiridwe kanthu.

Tsopano ngongole, pamene mipamba yambiri imafera. Ena amalemba pakhoma kuti ngongole mawa. Ine sindigwirizana nazo. Mphunzitsi kapena namwino amene malipiro ake achedwa, mukamuthandiza pa 20, pa 30 sapita kwina. Koma ngongole ili ndi malamulo ake. Munthu ayambe wagula ndi kashi kwa miyezi ingapo, ndipo mudziwe kumene amakhala. Aliyense akhale ndi tsamba lake m'kabuku: tsiku, katundu, ndalama, tsiku lobweza, ndipo muzilemba iye ali pomwepo. Ngati watuma mwana, tumizani uthenga pa foni nthawi yomweyo kuti mwana watenga makilo awiri a nyemba, kuti pakutha pa mwezi pasakhale "ine sindinatume". Ikani malire, ndipo yakale isanathe yatsopano isatuluke. Pa matumba khumi amene muli nawo, lopitilira limodzi lisakhale m'manja mwa anthu, apo ayi tsiku lokapikula mudzapezeka muli ndi kabuku kodzaza, thumba la ndalama lili mbee, n'kuthamangira kwa akatapila.

Pokumbutsa ngongole musachititse munthu manyazi. Kuika dzina lake pa status ya WhatsApp kapena kumukuwira pa anthu kungabweze K15,000 yanu, koma onse amene aona amadziwa kuti mawa zidzawachitikira iwo. Muimbireni panokha, mumuuze kuti mayi, Lachisanu ndikupita kokapikula, mundithandizeko ngakhale theka. Amene wagwa m'maliro mupatseni nthawi. Amene akukuzembani n'kumakagula kwa mnzanu ndi kashi, mtsekereni tsamba mwakachetechete. Achibale ndiye ovuta kuposa onse. Ngati mukufuna kuwathandiza, apatseni kilo imodzi ngati mphatso, mulembe kuti mwapereka, osati kuitcha ngongole imene nonse mukudziwa kuti sidzabwera.

Mitengo nayo ili ndi kachitidwe kake. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mpunga umalimidwa konkuno, koma mafuta a galimoto, feteleza ndi matumba zimatsatira dola, choncho mtengo wopikulira umakwera basi. Amene anapitiriza kugulitsa potengera mtengo umene anagulira anadzapeza kuti ndalama za matumba khumi zikugula asanu ndi awiri. Muziwerengera mtengo wokagulira thumba lina, osati wa limene lili pa benchi. Tiyerekeze kuti thumba munalipikula pa K100,000 koma lero likugulidwa pa K130,000. Mukaligulitsa lonse n'kupeza K120,000, mungaganize kuti mwapindula, pomwe mpamba wachepa ndi K10,000. Imbani foni kumene mumapikula kamodzi pa sabata. Mukafuna kukweza, uzani makasitomala anu masiku awiri kapena atatu zisanachitike, ndipo lembani mitengo pa katoni kuti wovala suti ndi wovala chitenje azilipira mofanana. Kubisa katundu kuti mudzakweze pakasowa kumakoma sabata imodzi yokha, anthu amakumbukira amene anawabisira. Ndalama zikavuta m'matumba mwa anthu, tsitsani muyezo: theka la kilo, kota, monga amachitira ogulitsa ufa wa walkman.

Za foni musazengereze. Airtel Money ndi TNM Mpamba khalani nazo zonse ziwiri, manambala alembedwe poonekera pamodzi ndi dzina limene lituluke munthu akamatumiza. Ngati mungathe, nambala ya geni ikhale yosiyana ndi ya pakhomo, chifukwa ndalama ya mpunga ikasakanikirana ndi ya mayunitsi a magetsi simudziwa kuti yapita kuti. Nenani poyambirira ngati wogula akuyenera kuwonjezera yotapira. Katundu asachoke chifukwa choti munthu wakuonetsani uthenga pa foni yake. Onani balansi pa foni yanu. Akamberembere amatumiza uthenga wonga wa kampani, kenako amaimba kuti atumiza molakwika muwabwezere. Musabweze kanthu musanaone balansi, ndipo PIN yanu musauze munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

WhatsApp ndiyo yakulitsa benchi langa mpaka ku Area 47 ndi Area 18. Jambulani katundu amene muli naye lero, pa dzuwa, osati chithunzi chotola pa intaneti. Lembani mtundu, kumene wachokera ndi mtengo, kuti munthu asachite kufunsa. Gulu loti aliyense azilembamo limasanduka la maliro ndi ndale, bola status kapena uthenga wopita kwa munthu payekha. Pezani wakabaza mmodzi kapena awiri okhazikika, amene makasitomala awazolowere, ndipo thumba lililonse lizimangidwa n'kulembedwa kulemera kwake lisananyamuke. Wogula akadandaula kuti mpunga uli ndi miyala, musayambe kufotokoza za mchigayo. Tumizani mpunga wina, wakalewo ubwere. Sikuti chatsopano chilichonse n'chotengera. Ngongole za pa foni zija zimabwera msanga, koma chiwongola dzanja chake chimaposa phindu la pa kilo ya nyemba. Bola banki m'khonde ya anthu amene mumawadziwa, ndipo kumenekonso muzibwereka za katundu amene atuluke msanga.

Kumene mumapikula nakonso kumafuna kukhulupirika komweko. Mpunga umatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu May mpaka July, ndipo umakwera kuyambira chakumapeto kwa chaka. Amene ali ndi munthu wake ku Karonga, ku Nkhotakota kapena ku Salima, ndiponso wa nyemba ku Lizulu kapena ku Jenda, safunika kukwera basi ulendo uliwonse. Ulendo woyamba pitani nokha, muone munthuyo, nyumba yake ndi chigayo chimene amapunthitsira. Yambani ndi matumba awiri. Mukagwirizana tsiku lolipira, lipirani tsiku lomwelo, ndipo ngati zavuta imbani inu iye asanaimbe. Thumba likafika, liyezeni ndi kulitsegula mpaka pansi, chifukwa wabwino amakhala pamwamba. Mukapeza vuto jambulani, mutumize tsiku lomwelo, mukambirane zochotsera pa ulendo wotsatira. Khalaninso ndi wokupikulitsani wachiwiri kudera lina, ndipo onse awiri adziwe kuti mnzawo alipo, kuti msewu wa M1 ukaduka ndi mvula kapena mafuta akasowa, benchi lisakhale lopanda kanthu.