Kainjini ka 1.2 ka mu Swift ndi Dzire: mmene mungakasamalire kuno ku Joni

Amwene amene mukuyendetsa Bolt kapena mukupanga ma delivery ndi ka Swift olo ka Dzire, tandimvereni kaye. Ndatopa nazo zomva anthu pa car wash ku Rosettenville akuti magalimoto aku India ndi zitini, pomwe ukafunsa kuti oilo munasintha liti munthu akuyamba kukanda mutu. Ine Dzire yanga ndinagula ya second hand, panopa yadutsa 200,000 km, injini sinatsegulidwepo, ngakhale kamodzi ndinatsala pang'ono kuiwotcha ndekha, ndifotokoza kutsogoloku.

Injini yake dzina lake ndi K12M, imapangidwa ndi a Maruti Suzuki ku India, ndipo ndi yomweyo ili mu Ignis. Ndi 1197 cc, masilinda 4, mavavu 16, ya aluminiyamu, pa pepala imatulutsa 61 kW pa 6000 rpm ndi 113 Nm pa 4200 rpm. Swift yatsopano imene inabwera mu 2024 ija ili ndi injini ina ya masilinda 3, nde zomwe ndikunena panozi musazitengere kumeneko zonse. Chinanso, K12M imayendera tcheni osati timing belt, nde inu amene munazolowera Tazz yomasintha lamba ija mtima pansi, munthu akakuuzani kuti abwana lamba wa timing watha perekani ndalama, dziwani kuti akufuna kukudyerani.

Ma 61 kW amenewo ndi a ku Durban, kunyanja. Joni ili pamtunda pafupifupi mamita 1,750, mpweya kuno ndi wochepa mphamvu, nde injini yopanda tebo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake. Mukanyamula anthu anayi, AC ili on, mukukwera Munro Drive kuchoka ku Houghton nkumamva ngati galimoto yagwidwa mchira, sikuti yafa ayi, ndi mmene zilili kuno. Cholakwa chomwe ambiri timachita nkukakamira giya 4 kapena 5 pa chikweza, phazi lili pansi, ati tikuseva petulo, injini ikunjenjemera ikulira gu gu gu. Kameneka kamakonda kuzungulira, mphamvu yake ili kumtunda kwa 4000 rpm uko, tsitsani giya kalire bwinobwino. Petulo wa 93 kuno akukwanira, musamataye ndalama pa 95 poganiza kuti ithamanga.

Tsopano pa oilo ndi pomwe pagona nkhani. Injiniyi imamwa oilo wochepa, malita atatu ndi kakusefukira pang'ono basi. Ndiye ikaperewera lita imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu lapita, pomwe Hilux ikaperewera lita imodzimodziyo sidandaula kwambiri. Buku limati sevisi pa 15,000 km kapena chaka, koma buku limenelo silinaganizire munthu amene amakhala maola awiri pa jamu ya pa mphambano ya ma highway ya Gillooly's m'mawa uliwonse, kapena kudikira kasitomala panja pa mall injini ikulira. Injini ikamalira galimoto itaima, oilo akutha mphamvu koma mita siikuwerenga. Ine ndimasintha pa 10,000 km, oilo ndi fyuluta yake limodzi, osati kusintha oilo nkusiya fyuluta yakale ngati kusamba nkuvala kabudula yemwe uja.

Mtundu wake ikani 5W-30, kapena amene buku lanu lanena. Ndikudziwa amakaniko ambiri akumudzi amakhulupirira 20W-50, ati oilo wokhuthala ndiye wamphamvu, zimenezo zinali za ma Nissan 1400 ndi ma Tazz. Iyi ili ndi VVT, kachipangizo kosintha nthawi yotsegukira mavavu pogwiritsa ntchito oilo, ndipo timanjira ta oilo ndi tating'ono, komanso chokungira tcheni kuti isakhwepe chimadalira oilo kuti chigwire. M'mawa wa June kuno, chisanu chili mbuu pa windisikilini, oilo wokhuthala amachedwa kukwera kumwamba, nde mumamva kwerekwere masekondi angapo mukangoliza. Kukamachitika tsiku ndi tsiku tcheni imafutukuka, ndipo kusintha tcheni si ndalama yamasewera.

Kuyeza kwake nkosavuta koma anthu amalakwitsabe. Imikani pamalo osapendekeka, zimitsani, dikirani mphindi zisanu kuti oilo atsike. Sololani dipisitiki, pukutani ndi kansanza, bwezerani mpaka pansi, sololaninso, apo ndiye muwerenge. Akhale pakati pa madontho awiri aja, kufupi ndi lakumtunda. Akaperewera thirani pang'onopang'ono, theka la kapu kenako kuyezanso, chifukwa kudzazitsa nakonso kumaphulitsa ma seal. Ine ndimachita Lamlungu lililonse ndisanapite ku tchalitchi. Ndipo mukatsegula chivindikiro chothirira oilo mutembenuze muone kunsi kwake, mukapeza zoyera ngati chambiko ndiye kuti madzi akulowa mu oilo, gasiketi ikhoza kukhala kuti yapita.

Za madzi ndiye ndili ndi chilonda. Chaka china galimoto inkatentha pang'ono, ndinaipereka kwa makaniko wina wa kuseri kwa nyumba, mnzathu wakumudzi yemwe, iye anangochotsa temositati, kavavu kamene kamatsegulira madzi kupita ku ladiyeta injini ikatentha, nkuitaya, nkudzaza madzi a pampopi, ati achimwene ichi ndi cha kumayiko ozizira. Ndinasangalala kuti zatchipa. Itafika nthawi yozizira hita inkangotulutsa mphepo yozizira, injini osafika pa kutentha kwake, petulo nkumatha ngati thanki yabooka. Vuto lenileni linali fani, yomwe inkayaka mwa apo ndi apo, koma iye sanaiyang'ane nkomwe. Disembala ndinanyamuka ulendo wakumudzi, katundu mpaka padenga, N1 yonse Polokwane mpaka Musina bhobho chifukwa mphepo ya mumsewu inkaziziritsa. Kufika pa mzere wa pa Beitbridge, dzuwa lili phwee, tikusuntha mita imodzi nkuima, ndinangoona chenjezo la kutentha lafiira, kenako kafungo kotsekemera, kenako nthunzi m'mbali mwa boneti. Mayi a ana kumbuyo ali bambo a Chisomo galimoto ikupsa. Chinandipulumutsa nchakuti ndinazimitsa pompo. Inali relay ya fani, kaswichi ka magetsi koyatsa faniyo, kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi.

Ndiye zikakuchitikirani, yatsani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha, patukani, zimitsani. Osatsegula chivindikiro cha ladiyeta ikadali yotentha, madzi amenewo amatumpha nkukusendani nkhope, dikirani theka la ola olo kuposa. Osathiranso madzi ozizira pa injini yotentha, aluminiyamu imapindika, hedi ikapindika ndiye mwalowa m'ngongole. Temositati isiyeni mmalo mwake, ikafa gulani ina. Mu ladiyeta muzikhala antifreeze wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, osati a pampopi okha. Anthu amaganiza kuti antifreeze ndi wa chisanu basi, komatu ndi amene amaletsa dzimbiri ndi kuteteza wotapampu, amachedwetsanso kuwira. Kuyesa fani nkosavuta, imikani galimoto ikulira, yatsani AC, fani iyambe kuzungulira. Ikapanda, yambani ndi fyuzi ndi relay musanagule fani yatsopano.

Mukaima pa loboti nkumva galimoto ikugwedezeka ngati ikudwala malungo, kanyali ka injini kakuthwanima, kawirikawiri ndi pulagi kapena koyilo. Silinda iliyonse ili ndi koyilo yake. Kamakina ka OBD kowerenga ma code a mavuto a galimoto, kolumikiza ndi foni, kakawerenga P0301 ndiye kuti silinda 1 ikuphonya, P0302 ndi silinda 2, choncho choncho. Musathamangire kugula makoyilo onse anayi. Sinthanitsani koyilo ya pa silinda yodwalayo ndi ya pafupi, fufutani code, yendani pang'ono. Vuto likasamuka ndi koyiloyo ndiye yafa ndi imeneyo, likatsala pomwepo yang'anani pulagi. Kanyali kakamathwanima musapitirize kugwira ntchito tsiku lonse, petulo wosapsa amakawotcha catalytic converter, chosefera utsi cha mu ekizosi. Mapulagi amasulidwe injini itazizira, ndipo pobwezera yambani ndi dzanja musanagwire sipanala, mathiredi a mu hedi ndi ofewa.

Fyuluta ya mpweya ingoikumbukirani mu Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamaulutsa fumbi la m'ma mine dump, makamaka amene mumazungulira cha ku Riverlea ndi Soweto. Ikwezeni kudzuwa, kuwala kukapanda kudutsa sinthani.

Amene mukukonzeka za Disembala, pangani sevisi sabata ziwiri musananyamuke, osati dzulo lake, kuti ngati pali podontha muone mukadali kuno. Njira ya Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza ndi yotentha, ku Tete ndiye ng'anjo yeniyeni, ndipo galimoto imakhala yalemedwa. Mu buti mwanga mumakhala lita imodzi ya oilo, chigubu cha malita 5 cha antifreeze wosakaniza kale, fanibeluti, koyilo imodzi, mafyuzi, ndi relay ija ziwiri. Pa Musina ndikamamwetsa petulo ndimayeza oilo, nkuyatsa AC boneti ili yotsegula mpaka ndione ndi maso anga kuti fani yazungulira, kenako ndiye ndikalowe pa mzere.