Mitsempha ya m'khosi imachepa njira osapweteka: mungadziwe bwanji kuti muli pachiopsezo

Ikani zala ziwiri pambali pa kholingo, pansi pa nsagwada, koma osafinya. Kugunda mukumvako ndi mtsempha wa carotid. Ilipo iwiri, uku ndi uku, ndipo ndiyo imapititsa magazi ambiri ku ubongo. Pamene umagawikana pawiri mpamene mafuta amakonda kuunjikana, njira n'kumachepa. Khosi silipweteka, mutu suwawa. Ambiri amadzadziwira pa sitiroko.

Poti thupi silinena, dzifunseni nokha. Kodi zaka zapitirira 65, makamaka inu abambo? Mumasuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe chopichira papepala? Muli ndi shuga, kapena anakuuzanipo kuti mafuta achuluka m'magazi? Makolo kapena abale anu anadwalapo mtima kapena kufa ziwalo asanakalambe? Palinso funso lomwe ine sindilumpha pocheza ndi odwala: kodi akatumba amakupwetekani mukamayenda, mukaima pang'ono n'kusiya? Mitsempha ya m'miyendo ikayamba kutsekeka, kawirikawiri ya m'khosi nayo siili bwino.

Koma chachikulu ndi BP. Tsegulani kabuku kanu ka kuchipatala muone manambala omwe akhala akulembamo. Ngati akungobwerezabwereza 140/90 kapena kupitirira, musadikire chizungulire. Chimandidandaulitsa ndi agogo omwa amlodipine, mankhwala otsitsa BP, mwezi umodzi n'kusiya, ati "ndachira, mwanangu". BP yatsika chifukwa cha mapilisiwo, mukawasiya ikweranso. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'usipa wouma ndi wothira pa tchipisi.

Sikani si ya aliyense. Ku America, bungwe la akatswiri olangiza za kapewedwe ka matenda la USPSTF linanenanso mu 2021 kuti kujambula khosi la munthu aliyense wopanda zizindikiro kumabweretsa mavuto kuposa phindu. Koma ngati zingapo mwa izi zakukhudzani, uzani adokotala amvetsere khosi ndi chida chawo chomvera kugunda kwa mtima. Akamva mkokomo angakutumizeni ku sikani ya Doppler, yoona momwe magazi akuyendera m'mitsempha, ndipo mwina akuyambitsani mankhwala otsitsa mafuta monga atorvastatin. Aspirin musangodzigulira.

Tsiku lomwe diso limodzi lidzachite mdima kwa mphindi zochepa, pakamwa kupotoka, dzanja kufooka kapena lilime kulemera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitasiya zokha muli panjira.