Zoyenera kuchita kuti koleji ivomerezedwe ndi NCHE

Mwafunsa zomwe koleji yatsopano muno mu Blantyre iyenera kuchita kuti maphunziro ake avomerezedwe. Poyamba ilembetse ku bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'Malawi la National Council for Higher Education (NCHE), lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, koma dziwani kuti kulembetsa sikutanthauza kuvomerezedwa. Kenako kolejiyo ilembe lipoti lodziunika yokha, lofotokoza za makalasi, laibulale, chuma ndi maphunziro omwe imapereka, ndipo akatswiri otumidwa ndi bungweli adzabwera kudzaona ngati zolembedwazo zili zoona. Pamenepa mpofunika kusamala, chifukwa nyumba zokongola sizithandiza ngati aphunzitsi ali ndi digiri yoyamba yokha. Atumizeni msanga akachite digiri yachiwiri kapena yachitatu, kaya ku yunivesite ya zamalonda ndi sayansi ya MUBAS kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo muwapatse nthawi yochita kafukufuku. Zofooka zomwe akatswiriwo apeze muzikonze asanabwerenso.