Momwe mungaikire matayala a m'matope pa pikapu ya injini yaing'ono popanda kuifooketsa

Amene amalowa m'midzi ya ku Bembeke kukagula mbatata ya kachewere m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi amadziwa mmene dothi lakatondo limaterera mvula ikagwa masiku awiri otsatizana. Pikapu yanga ndi ya petulo, injini yake ndi ya malita 2.0, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Nditatopa ndi kulipira anyamata oti andikankhe paliponse pamene ndatitimira, ndinaganiza zogula matayala a mano akuluakulu, aja amene pambali pake amalembedwa A/T, kutanthauza All-Terrain, oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe. Matayalawa amathandizadi, koma ine ndinawagula kawiri chifukwa poyamba ndinasankha molakwika.

Musanapite kwa wogulitsa, yambani mwadziwa mmene galimoto yanu ikuyendera lero. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani maulendo anu a masiku onse, kenako mudzazenso kuti muone makilomita amene lita imodzi ikukupatsani. Yanga inkayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita. Sankhaninso chitunda chimodzi chimene mumachidziwa bwino, ndipo mukumbukire giya imene mumakwerera mutanyamula katundu. Mukatero masulani tayala limodzi pamodzi ndi rimu yake, mulipachike pa sikelo yomwe mumapimira matumba. Langa linalemera makilogalamu 20.

Chachiwiri ndi kuwerenga manambala a pambali pa tayala, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwira. Galimoto yanga inabwera ndi matayala a 195R14C, amene kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 668. Wogulitsa wina ku Lilongwe anandionetsa a 235/75 R15 pamodzi ndi marimu ake, nanditsimikizira kuti galimoto idzakwera m'mwamba moti mwala sudzaikhudzanso pamimba. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Nambala ya 235 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita. Ya 75 ikutanthauza kuti mbali ya tayala, kuchokera pa rimu kufika pa mano, ndi magawo 75 pa 100 a kufutukukako, omwe ndi mamilimita 176, ndipo popeza mbaliyi ili pamwamba ndi pansi pomwe, mumapeza 352. Rimu ya mainchesi 15 ndi mamilimita 381. Mukaphatikiza, tayalalo ndi lotalika mamilimita 733, kutanthauza kuti likuposa lakale ndi magawo 10 pa 100 aliwonse. Ngati masamu akukuvutani pamalo ogulira, tengani chingwe muzungulize tayala lakale, mumange mfundo, kenako muzungulize latsopanolo. Chingwe chikaperewera ndi utali woposa chikhato chanu, tayalalo lakula kwambiri.

Ine sindinachite zimenezi. Ndinangopachika tayala latsopano pa sikelo nditafika kunyumba, ndipo linalemera makilogalamu 28. Ndinaona kuti makilogalamu 8 pa tayala lililonse, kuphatikizapo la sipeya, ndi makilogalamu 40, osafika ngakhale thumba limodzi la chimanga, choncho mtima unakhala pansi. Chimene sindinaganizire n'chakuti kulemera kwa tayala n'kosiyana ndi kwa thumba lokhala kumbuyo, chifukwa injini imayenera kulizunguliza komanso kulikankhira kutsogolo, ndipo mabuleki amayenera kuletsa zonse ziwirizo. Koma chimene chimafooketsa injini kwambiri ndi kutalika kuja. Tayala likatalika ndi magawo 10 pa 100, mphamvu yokankhira galimoto pansi imachepa pafupifupi chimodzimodzi mu giya iliyonse, ngati mmene zimakhalira munthu akafuna kunyamuka pa njinga ya magiya tcheni chili pa giya yolimba. Kuno kwathu vutoli limakula, pakuti boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera, chifukwa mpweya wa kumapiri ndi wopepuka. Injini yaing'ono imakhala itafooka kale musanaiwonjezere mtolo wina.

Pa M1 ndilibe katundu, ndinangoona kuti giya yachisanu yasiya kukoka pa zitunda zing'onozing'ono za pakati pa Dedza ndi Lizulu. Zenizeni zinaoneka patatha masabata atatu, pamene ndinatsikira ku Golomoti ndi mbatata n'kubwerako ndi matumba 14 a mpunga. Msewu wa Khwekhwerere, wokwera phiri kuchokera ku Golomoti kufika pa Masasa pa M1, kale ndinkaukwera pa giya yachiwiri, yoyamba ndikuifuna pa makona ochepa okha. Tsiku limenelo yachiwiri inkazimiririka ndikangotuluka pa kona iliyonse. Chapakati pa phiri ndinapeza lole itaima, ndipo nanenso ndinayenera kuima kuti minibasi yotsika idutse. Ponyamuka ndinaponda mafuta kwambiri klatchi ili theka, galimoto inanjenjemera osasuntha, ndipo m'kabini munadzaza fungo la chinthu chopserera. Mnyamata wondithandiza anatsika n'kuika miyala kumbuyo kwa matayala, tinatsitsa matumba 5 m'mbali mwa msewu, ndinakwera mpaka pamalo athyathyathya, ndipo matumbawo anawasenza anyamata a pamudzi wapafupi amene ndinawalipira. Tinafika pa Masasa dzuwa litalowa. Amakaniko atatsitsa giyabokosi anandionetsa mbale ya klatchi itapsa mpaka kuoneka misomali yake, ndipo anandionetsanso pamene tayala lakutsogolo linkakhula madigadi ndikakhota mpaka kumapeto. Zonsezi ndinazipeza pofuna kuti mimba ya galimoto ikwere ndi mamilimita 33 okha, chifukwa galimoto imakwera ndi theka chabe la kusiyana kwa kutalika kwa matayala. Mamilimita 33 ndi zala ziwiri zogundana.

Choncho malangizo anga ndi akuti mugule A/T ya saizi yomweyo imene galimoto inabwera nayo, ndipo ngati mwaumirira kukulitsa, musapitirire magawo 3 pa 100. Chimene chimakutulutsani m'matope ndi mano a tayala ndiponso kulemera kumene kuli pa matayala okoka. Ine ndinabwerera ku marimu anga akale a 14 n'kugula 195R14C ya mano akuluakulu, imene inalemera makilogalamu 2 okha kuposa yakale. Akuluakulu aja ndinawagulitsa motchipa kwa mwini galimoto ya dizilo yokoka ndi matayala onse anayi, imene ili ndi mphamvu yowazunguliza.

Musalipire musanaone nambala ya katundu. Pa 195R14C pamakonda kulembedwa 106/104, ndipo 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 950. Alipo matayala a mano okongola opangidwira galimoto zonyamula anthu, olembedwa 96, amene malire ake ndi makilogalamu 710, ndipo amenewa sayenera kukhala pansi pa matumba a mbatata. Onaninso manambala anayi omaliza pa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT, amene amasonyeza nthawi imene tayala linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023 mitengo ya matayala atsopano inakwera kwambiri, ndipo ambiri akuthamangira akaunjika. Sindikuletsa, koma dziwani kuti ena mwa ogulitsa m'mbali mwa misewu amasema mizere yatsopano pa tayala lakutha n'kulipaka polishi. Lowetsani chala m'mizeremo. Ikakhala yokhakhala ndi yosafanana kuya kwake, kapena mukaona nsalu ndi mawaya pansi pake, lisiyeni. Tembenuzani tayalalo muone m'kati ngati muli zigamba m'mbali, ndipo funsani mtengo m'malo atatu, kuphatikizapo ndalama yoikira, chifukwa ena amatchula mtengo wotsika n'kudzaubweza pa mavalavu ndi balancing (kulinganiza kulemera kwa tayala kuti lizizungulira osagwedezeka).

Kuika kwake amakuchitirani pomwepo. Ikani onse anayi ofanana, ndipo la sipeya likhale la kutalika komweko. Musakane balancing, pakuti tayala lolemera likapanda kulinganizidwa limagwedeza chiwongolero n'kutha mashoko ndi mabering'i msanga. Galimoto ikatsika pa jeke, khotetsani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto, wina akusuzumira ngati pali pokhula, ndipo mubwerezenso mutapakira katundu. Chititsani alignment (kuwongola matayala kuti aziloza molunjika), ndipo mumangenso manati mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Mpweya muzipima m'mawa matayala asanatenthe, motsatira kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, osati nambala ya pa tayala, imene ndi malire chabe.

Mukakulitsa saizi ngakhale pang'ono, yerekezani muvi wa liwiro ndi GPS ya pa foni. Pa matayala aakulu aja muvi unkaloza 80 ndikuthamanga 88, zimene zingakuimitseni pa kamera ya apolisi apamsewu musakudziwa chifukwa chake. Makilomita nawonso amawerengeka ochepa, moti powerengera mafuta muyenera kuwonjezera magawo amene tayala lakula nawo. Nditakonza masamuwo, aakulu aja ankandipatsa makilomita 8.5 pa lita, pamene amene ndili nawo panopa amandipatsa 9.5.

Pa phula lonyowa siyani mpata wokulirapo, chifukwa matayala a mano akuluakulu sagwira ngati a pamsewu, ndipo phokoso lake mudzalizolowera. Potsika Khwekhwerere lowani giya yachiwiri musanayambe mtsetse kuti injini ithandize mabuleki. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 10,000 aliwonse. Polowa m'midzi mvula itagwa, ine ndimaika matumba awiri a mchenga pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo, ndipo ndimawakhuthula pamunda ndikayamba kupakira mbatata.