Mmene mungazindikirire makina akale oyezera mavalavu a makompyuta

Makompyuta oyambirira ankagwira ntchito ndi mavalavu a galasi (timachubu tooneka ngati mababu, towongolera kayendedwe ka magetsi), moti ENIAC ya ku Pennsylvania inali nawo oposa 17,000, ndipo amisiri ankafunika makina owayezera. Masiku ano ogulitsa ena pa intaneti amanena kuti bokosi lililonse lakale lokhala ndi mita ndi masoketi linachokera m'chipinda cha kompyuta, poti mawu amenewo amakweza mtengo.

Yambani ndi kachitsulo kolembedwa dzina la wopanga. Hickok 539C, TV-7 ya asilikali a ku America ndi Valve Characteristic Meter ya kampani ya AVO ya ku London ndi mayina odalirika.

Kenako yang'anitsitsani mita, pakuti apa ndi pamene ine ndinagwa m'mbuna. Ndinagula makina okongola a bokosi lathabwa, wogulitsa atalumbira kuti ankayezera mavalavu a kompyuta, ndipo ndalama zotumizira zinaposa mtengo wa katunduyo. Atafika ndinapeza kuti mita yake inangolembedwa GOOD ndi BAD. Makina otere kawirikawiri amangoona ngati valavu ikutulutsa mphamvu ikatenthedwa, ndipo anali a okonza mawailesi ndi ma TV. Oyeza mozama amasonyeza mmene valavu imamverera magetsi akasinthidwa pang'ono pa giridi yake (kawaya ka m'kati kowongolera magetsi odutsa), choncho ambiri a ku America amakhala ndi manambala a muyezo wotchedwa micromhos, pamene a AVO amalemba muyezo wa mA/V. Wogulitsa akakana kujambula mita pafupi, musiyeni.

Mukatero pukusani tchati cha pepala cha pamakinapo, cholembedwa mndandanda wa mavalavu, kapena tsegulani kabuku kake, mufufuze manambala monga 5963, 5965, 6211 ndi 7AK7 imene kampani ya Sylvania inapangira kompyuta ya Whirlwind ya ku yunivesite ya MIT ku America. Mavalavu amenewa anapangidwa mwapadera chifukwa valavu wamba ikakhalitsa yotentha koma yosadutsitsa magetsi, monga zinkachitikira m'makompyuta, inkafooka msanga. Komabe manambalawa amangosonyeza kuti makinawo angathe kuyeza mavalavuwo, osati kuti anagwiradi ntchito pa kompyuta. Umboni wa zimenezo ndi chizindikiro cha katundu wa kampani kapena yunivesite chomatidwa pabokosi.

Chaka chimene makinawo anapangidwa mungachipeze pa makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) a m'kati. Musanayatse, onani voteji, chifukwa ambiri a ku America amafuna 115V, ndipo pa 230V yathuyi amapsa popanda thiransifoma.