Momwe mungapezere gwero la alamu yobwerezabwereza pa drive ya servo

M'mafakitale a ku Kanengo, Makata ndi Chirimba muli makina olongedza ufa, shuga ndi zakumwa omwe amayenda ndi mamota a servo, omwe amazungulira ndi kuima ndendende pomwe auzidwa. Mota yotere imakhala ndi drive, bokosi lomwe limaipatsa magetsi ndi kuiwongolera. Makina otere akaima drive n'kuonetsa alamu, opareta amangodina reset, ntchito n'kupitirira. Mawa lake alamu yomweyo. Ikakakamira, abwana amaitanitsa drive yatsopano ndi ndalama zambiri, koma nayonso osakhalitsa imayamba kulira chimodzimodzi. Nthawi zambiri drive imakhala ilibe mlandu, imangonena zomwe ikuona kwa mota, pa chingwe kapena pa magetsi olowa.

Musanagwire kalikonse, zimitsani magetsi, khomani loko pa switch, ndipo dikirani mphindi zomwe buku la drive lanena. Ma capacitor a mkati amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa: pafupifupi 560 volts pa drive ya 400 volts, ndi 320 pa ya 230. Yezani ndi mita, ndipo musaike dzanja asanatsike pansi pa 50. Ngati mota imanyamula katundu m'mwamba, mchirikizeni kaye katunduyo kuti asakugwereni.

Ntchito yoyamba ndi ya cholembera, osati sipanala. Ikani kope pambali pa makina, ndipo opareta wa shifiti iliyonse azilemba nambala ya alamu, nthawi yake, ndi zomwe makina amachita: amanyamuka, amaima, kapena anali pa liwiro lonse? Drive nayo imasunga mbiri ya ma alamu apitawo, iwerengeni. Sunganinso ma parameter onse, manambala omwe drive inachunidwa nawo, pa kompyuta musanasinthe ngakhale imodzi. Ambiri amadumpha gawo ili poliona ngati lotayitsa nthawi, komatu vuto lobwerezabwereza limakhala ndi nthawi yake ndi malo ake, ndipo kope lija ndi lomwe limaulula.

Kenako tsatirani zomwe kope likunena. Alamu ya overvoltage (ma volts kukwera mopitirira malire), yomwe pa drive za Yaskawa Sigma ndi A.400 ndipo pa za Delta ASDA ndi AL002, ikamabwera pomwe mota ikuima mwachangu, ndiye kuti mota ikubweza mphamvu ku drive ndipo mphamvuyo ikusowa kolowera. Yezani braking resistor, yomwe imasandutsa mphamvu yobwererayo kukhala kutentha, muone ngati ma ohms ake akufanana ndi olembedwa pamwamba pake. Ngati ili bwino, onjezerani pang'ono nthawi yoimira, kapena ikani resistor ya ma watts ochulukirapo malinga ndi buku. Undervoltage (ma volts kutsika kwambiri) ikamabwera kompresa ikaliza kapena mukasamukira pa jenereta, vuto lili pa magetsi olowa. Yezani ma phase onse atatu makina akugwira ntchito, ndipo mukazimitsa, mangitsani mawaya omwe akhwepa.

Overload (mota kulemedwa) ndi position error (mota kulephera kufika pomwe yauzidwa) kawirikawiri zimachokera ku zitsulo. Lumulani mota ku makina, mupukuse shafti ya makinawo ndi manja. Pomwe pakulimba ndi pomwe pali nkhani: bering'i yakutha, girisi wouma wosakanikirana ndi fumbi la ufa, lamba wokoka kwambiri, kapena buleki ya mota yomwe sikumasuka bwino. Pulogalamu ya drive imaonetsanso torque, mphamvu yopukusira yomwe mota ikutulutsa. Ikamakwera pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, pitani mukaone pamenepo. Chonde musakweze malire a alamu kuti ingosiya kulira. Mukatero mwangoitseka pakamwa, ndipo chotsatira ndi mota yopsa kapena shafti yothyoka.

Alamu za encoder (kachipangizo ka pa mota komwe kamauza drive pomwe shafti yafika), monga A.C90 pa Yaskawa ndi AL011 pa Delta, ndi zomwe zimazunza amisiri kwambiri, chifukwa zimabwera n'kuchoka zokha. Yambani ndi chingwe. Chingwe chomwe chimapindika tsiku lonse pamodzi ndi makina chimaduka mkati kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo mukachiyeza chili phee chimaonetsa kuti chili bwino. Chiyezeni mukuchipinda pang'onopang'ono m'litali mwake monse. Tsegulani pulagi ya ku mota muone ngati mwalowa madzi kapena oilo, makamaka pa makina omwe amatsukidwa ndi payipi. Kenako onani njira yomwe chingwecho chadutsa. Chikagona limodzi ndi mawaya a mphamvu a mota, kapena pafupi ndi makina owotcherera, chimatola phokoso la magetsi lomwe limasokoneza uthenga wa encoder. Zisiyanitseni, ndipo pomwe zikuyenera kukumana zidutsane mopingasa. Ukonde wachitsulo wokuta chingwe ugwidwe bwino ndi klampu ya earth, osati kuupota ngati kamchira n'kuukoloweka pa bawuti. Ngati encoder ndi ya absolute, yomwe imakumbukira pomwe shafti ili ngakhale magetsi atazima, nthawi zambiri imakhala ndi batire la 3.6 volts. Lisintheni magetsi a control ali oyaka monga buku likunenera, apo ayi makina aiwala pomwe ali.

Alamu ikamabwera masana okhaokha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ganizirani za kutentha. Fani ya drive ikuzungulira? Sefa ya pachitseko cha panelo sinatsekeke ndi fumbi? Kusiya chitseko chotsegula kumathandiza lero, koma kumalowetsa fumbi lomwe lidzatseka zoziziritsira mwezi wamawa.

Pa overcurrent (ma amps kukwera mopitirira malire), chotsani ku drive mawaya a U, V ndi W opita ku mota, muyeze ma ohms pakati pawo. Atatu onsewo afanane. Kenako yezani mota ndi chingwe chake ndi megger, mita yoona ngati zokutira mawaya zikudutsitsa magetsi. Megger isakhudze drive kapena encoder, imaziwononga nthawi yomweyo.

Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mulembe m'kope, muyendetse makina kwa nthawi yokwanira kuti alamu ikanabwera. Ngati muli ndi mamota awiri ofanana ndendende, okhala ndi ma drive ndi zingwe zofanana, sinthanitsani chingwe, kenako mota, pomaliza drive, ndipo muone chomwe vuto likutsatira. Likatsatira drive, pamenepo ndiye itanitsani ina. Ikafika, lowetsani ma parameter omwe munasunga aja, mubwezeretse makina pa home, malo omwe amayambira kuwerengera mayendedwe ake, ndipo muwayendetse pa liwiro lochepa musanawapereke kwa opareta.